Masipuling'i a Pikapu ya Alamu

Tsiku limene pikapu ya Abubakar inagonera kumodzi m'dambo la ku Bua, Salimu anali pomwepo, matope akumulekeza m'mawondo, akungoyang'ana matumba a mpunga akumwa madzi. Inu amene mukuti zanu zavuta, tamvani kaye za bambo ameneyu.

Mpungawo unali wa banja lonse la kuchikamwini kwake, thukuta la chaka chathunthu. Galimotoyo inali ya mlamu wake Abubakar, mlongo wa mkazi wake Asha. Ndipo chitsulo chimene chinathyoka kunsi kwa galimotoyo chinali chitakonzedwa ndi manja a Salimu yemweyo dzulo lake.

Salimu anali wosula zitsulo, mwana wa wosula. Moyo wake wonse ankagula masipuling'i akutha, zitsulo zazitali zosanjikizana zija zimene zimanyamula galimoto pamwamba pa matayala akumbuyo, n'kumazidula kupanga nkhwangwa, zikwanje ndi mipeni yotumbulira nsomba. Nkhwangwa ya Salimu inkadziwika kuchokera ku Chia mpaka ku Ngala. Kenako m'masitolo munadzaza zikwanje zotchipa zopaka penti, ndipo anthu athuwa mukuwadziwa, chinthu chikangonyezimira basi, za kulimba adzaziona kutsogolo. Chipala chinayamba kuzizira. Ana ake, Sungani ndi ang'ono ake, ankadya za amayi awo, amene ankagulitsa usipa pamsewu.

Ndiye pamene pikapu ya Abubakar inayamba kukhalira kumbuyo ngati bakha, masipuling'i atawongoka ndi katundu, Salimu anaona mpata woti naye aoneke munthu pamudzi. Anauza mlamu wake kuti asavutike kupita kugalaja, chitsulo ndi chitsulo. Anamasula masipuling'iwo, kuwaika pamoto mpaka afiire, kuwapinda bwinobwino, kenako kuwaviika m'madzi monga ankachitira ndi nkhwangwa. Galimoto inaima mowongoka, anthu n'kuyamikira. Itasenza mpunga n'kugwera m'dzenje loyamba, chitsulo chachikulu chinathyoka ngati chinangwa chouma. Paja akulu anati safunsa anadya phula.

Mpunga wina anaupulumutsa, koma wambiri unamera m'matumba momwemo. Banja litakhala pansi, Abubakar monga mwinimbumba sanazungulire. Anati mkamwini amene sabweretsa kanthu n'kumawononganso za eni ake abwerere kwawo ku Chia, mlongo wake ndi ana awasamala yekha. Asha anayankha akulira kuti ukwati ndi wake, si wa pikapu. Akuluakulu anagamula kuti Salimu akhale mpaka kukolola kwa chaka chotsatira. Ngati pofika nthawiyo adzakhale asanaonetse chimene akukhalira pamudzipo, adzanyamule nyundo zake, asiye mkazi ndi ana.

Kuyambira pamenepo dzina lake linasintha. Akamadutsa pamsika ankamva, "Mwaswera bwanji a Injiniya?" Ngakhale potuluka mumzikiti Lachisanu, wina ankafunsa mwaulemu ngati angawotcherekonso njinga yake kuti izithamanga. Salimu ankaseka nawo, koma mumtima munali mowawa kwambiri. Chinamupweteka koposa n'choti sankadziwa chimene analakwitsa. Munthu amene anakulira pachipala analephera kumvetsa chitsulo chimene anachigwira kuyambira ali mwana.

M'mawa wina anamangirira chidutswa chothyokacho panjinga n'kupalasa mpaka ku Dwangwa. Kumeneko kunali makaniko wina dzina lake Feston, wa makolo ochokera kumpoto, amene ankakonza mapikapu a matola ndi malole onyamula nzimbe. Anali wamng'ono kwa Salimu, woti akanatha kukhala mng'ono wake wachitatu. Feston anayang'ana pamene panathyokapo, n'kupakanda ndi chikhadabo.

"Adada, ichi munachiotcha?"

Salimu anavomera.

"Chitsulo ichi anachiphika kale kufakitale, pamoto woyeza. Inu mwachiphikanso. Nkhwangwa imafunika kuuma kuti idule, koma sipuling'i imafunika kupinda n'kubwerera. Mwaipatsa mtima wa nkhwangwa."

Salimu anafunsa kuti nanga ikawongoka amaipinda ndi chiyani ngati moto ukuletsedwa. Feston analoza nyundo yaikulu ndi njanji ziwiri zogonekedwa moyandikana pansi. Anati amaipinda yozizira, pang'onopang'ono, ndipo anyamata ake ntchito imeneyo amaithawa chifukwa imatha mapewa. Salimu anavula malaya n'kupempha kuti ayese. Sanabwerere ku Bua tsiku limenelo.

Musaganize kuti zinangoyenda. Bambo wa imvi m'ndevu ankatumidwa kukatenga sipanala ndi munthu woti akanamunyamula ali khanda, ndipo ankapita. Ankagona kwa m'bale wina wa kumzikiti, n'kumabwerera kunyumba akapeza mpata. Manja ake anali ozolowera chitsulo chofewa ndi moto, chomvera msanga. Chozizira chimakana, chimabweza nyundo, chimalira m'makutu mpaka madzulo. Kangapo konse anayang'ana makala a amayi ootcha chimanga pafupi ndi galaja, mtima ukumuuza kuti angotenthako pang'ono. Feston akamuona ankangopukusa mutu.

Anaphunzira kujambula kaye uta pasimenti ndi choko, kuti chitsulo chilichonse azichiyeza pamenepo akamenya. Amakaniko chitsulo chimodzi cha sipuling'i amachitcha lifu. Tsiku lina anamenya pafupi ndi bowo lapakati, lifu n'kung'aluka, ndipo anadziwa kuti pamenepo sipafika nyundo. Tsiku lina anapinda mbali imodzi kuposa inzake, pikapu ya mwini wake n'kutuluka m'galaja itapendekeka ngati munthu wa chithupsa. Anaimasulanso yonse anyamata akuseka. Anaphunzira kuti lifu lothyoka saliwotcherera, amalichotsa n'kuika lina. Mabawuti okumbatira ekiselo, chitsulo cholumikiza matayala awiri akumbuyo, amawamanganso galimoto ikayendako, chifukwa amamasuka. Mchenga wa kunyanja ndi matope a m'dambo zikalowa pakati pa malifu zimadya chitsulo mwakachetechete, choncho amatsuka n'kupaka girisi. Mabushi, timphira tija ta kumapeto kwa sipuling'i, akasowa m'sitolo ankawasema kuchokera ku tayala lakutha, ndipo pa kusema palibe amene ankamuposa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika mwezi wa mvula yomaliza, madalaivala a matola opita kumadoko a ku Ngala ankafika pagalaja n'kufunsa kuti madala a masipuling'i aja alipo. Dzanja limene linasula nkhwangwa zaka zonsezo linkadziwa pogwetsa nyundo. Linkangofunika kuuzidwa chosiya.

Koma kumudzi mbiri ya ku Dwangwa sinkawakhudza. Kwa Abubakar, mlamu wake anali yemwe uja wa mpunga womera m'matumba.

Pikapu ija Abubakar anali ataipititsa kwa amakaniko ena a m'mbali mwa msewu, n'kuwauza kuti safunanso kuona chitsulo chikuthyoka. Iwo anamumvera, poti mwini galimoto ndiye bwana. Anasanjikamo malifu a lole ochuluka mpaka sipuling'i inanenepa ngati mtolo wa nkhuni. Galimoto inauma gwa. Ikagunda kabampu, okwera kumbuyo ankaluma lilime. Mpunga utacha, Abubakar anapita nayo kudambo kukaona njira, ndipo pamalo okumbika tayala limodzi linangolendewera m'mwamba likuzungulira pachabe, chifukwa sipuling'i sinkalola kuti litsike. Pobwerera bawuti yapakati inaduka, ekiselo n'kusuntha, galimoto n'kufika pamudzi ikuyenda cham'mbali ngati nkhanu.

Mpunga unali utamwetedwa kale, uli m'dambo, ndipo nthawi ya Salimu inali itatha. Asha anapita kwa mlongo wake osatumidwa ndi munthu.

"Achimwene, bambo a Sungani munawaweruza ndi galimoto imeneyi. Ayeseninso ndi yomweyi. Akalephera, ine sindidzatsegulanso pakamwa."

Abubakar anakana, anakananso, koma mpunga sudikira mkwiyo wa munthu. Anavomera ndi nkhope yoipa, n'kukoka mpando kukhala pafupi kuti aone chilichonse.

Salimu sanakoleze moto. Anakweza galimoto pajeke, kuichirikiza ndi zipika, kumasula masipuling'i onse awiri n'kuwayala pansi. Kenako anayamba kuchotsa malifu a lole aja limodzi limodzi n'kumawaponya pambali. Abubakar anadzuka pampando, akuti chaka chatha anamuthyolera galimoto, chaka chino akuichotsa mphamvu iye akuona. Salimu anafotokoza modekha kuti sipuling'i yosapinda si sipuling'i, ndi mtanda chabe, ndipo nkhonya zonse za msewu zimakathera pa mabawuti ndi pa chasisi, msana wa galimoto. Anati awonjezera lifu limodzi lokha mbali iliyonse, la msinkhu wa pikapu, lodulidwa motsatana ndi anzake ngati masitepe, kuti galimoto inyamule katundu koma matayala azitsatabe nthaka.

"Ine ndikhala pamwamba pa matumba, mbali yomwe inathyoka ija," anatero Salimu. "Chikathyoka musavutike kuitana akuluakulu, alamu. Ndinyamuka ndekha."

Anajambula uta wake ndi khala pakhonde la simenti, n'kuyamba kumenya. Mudzi wonse unamva kulira kwa chitsulo kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya swala ya masana, n'kupitirizanso. Anaika bawuti yapakati yatsopano, mabushi osema yekha, girisi pakati pa malifu. Atatsitsa galimoto anaigwedeza, kenako n'kumaliza kumanga mabawuti itaima pa matayala ake.

Kudambo kunabuka nkhani ina. Abubakar ankafuna kuti mpunga upite wambiri ulendo umodzi, mafuta asathe. Onyamula ankangoponya matumba, Salimu atagwada pambali akuyang'ana sipuling'i ikutsika. Itatsala pang'ono kuwongoka anakweza dzanja n'kunena kuti basi, otsalawo adzawatenga ulendo wina. Onyamula anaima. Mkamwini woti mawa akhoza kuthamangitsidwa, akuletsa mwinimbumba pamunda wa eni ake. Koma Salimu dzanja sanatsitse. Anali ataphunzira kuti sipuling'i yabwino imafanso ndi umbombo wa mwini galimoto. Pamapeto pake Abubakar anauza onyamula kuti atsitse thumba limene linali kale pamapewa.

Salimu anakwera pamwamba monga analonjezera. Galimoto inalowa m'matope, n'kufika pamalo okumbika paja. Tayala lakumanzere linatsikira m'dzenje, bodi inapendekeka, matumba anasuntha pansi pake. Anamva sipuling'i ikulira, ikupinda, ndipo anatseka maso n'kutchula dzina la Mulungu. Kenako inabwerera. Galimoto inatuluka tsidya lina ikudontha matope, n'kupitiriza ulendo ngati palibe chachitika.

Anabwereza maulendowo mpaka dambo linatsala ziputu zokha. Ulendo uliwonse Salimu ankalowa kunsi ndi sipanala kuyesa mabawuti, n'kuthira madzi kuchotsa matope. Thumba lomaliza litalowa m'nyumba, Abubakar anagwada yekha, mkanjo wake woyera uli m'fumbi, n'kusuzumira kunsi kwa galimoto. Anagwira malifu, anagwira mabawuti. Atadzuka sanapepese, poti anthu ena mawu amenewo anabadwa opanda. Anangosansa mawondo n'kuloza kumsewu.

"Alamu, malo aja a pafupi ndi chigayo ndi a banja. Umbani njerwa, mumangepo galaja."

Kwa amene sadziwa za chikamwini, mawuwa ndi a ntchito chabe. Koma mkamwini amene akumukayikira amamusiya amange ndi mitengo ndi udzu, zoti tsiku lochoka sizivuta kugwetsa. Wouzidwa kuti aotche njerwa pamalo a banja ndi munthu amene sakupita kulikonse.  Salimu anakhala pabampala, bambo wamkulu n'kulira pamaso pa ana ake. Asha anangoti Alhamdulillah, n'kupita kukauza Sungani kuti atunge madzi bambo ake asambe.

Lero mukamadutsa pamsewu wa ku Bua mumamva nyundo ikulira m'kanyumba ka njerwa zootcha, mapikapu a matola ndi a ogula nsomba atandanda panja. Madalaivala amadandaula kuti madalawo amalalikira za katundu wopyola muyezo kuposa apolisi a pamsewu, koma amabwerabe. Nkhwangwa amasulabe akapeza malifu othyoka, ndipo moto amakoleza pa zimenezo zokha.

Mwina inunso chimene chinakugwetsani ndi chomwe mumachidziwa bwino kwambiri, ndipo anthu akupatsani kale dzina ndi tsiku lochoka. Musabise chidutswa chothyokacho. Chinyamuleni, mupite nacho kwa wodziwa, ngakhale akhale mwana kwa inu, mufunse pamene munalakwitsa. Kenako bwererani pa dzenje lomwelo. Osataya mtima, abale anga, malo anu alipo.