Ufumu wa Mali pa Lole ya ku Nkope

Ndinanyamuka pa Mangochi boma 6 koloko m'mawa, kupita kusukulu ina kufupi ndi Nkope komwe anandituma kukayeserera uphunzitsi. Masana ake kumabwera woyendera sukulu kudzaonera phunziro langa la mbiri yakale: mmene ufumu wa Mali unakulira utagwa wa Ghana. Ndikadalephera, ntchito panalibe.

Basi sinabwere, choncho ndinakwera lole ya matola, matambala 40. Ndinakhala pathumba la mchere, pafupi ndi bambo wina wachikulire wovala mzuli, atapana makina osokera ndi miyendo. Anati dzina lawo ndi Che Saidi, telala.

Titangotuluka m'tauni ndinatsegula kope n'kuyamba kuloweza chapansipansi.

"Aphunzitsi, mukupemphera kapena mukutukwana dalaivala?" anafunsa Che Saidi.

Ndinawafotokozera. Ghana itafooka, Mali inatenga malo, n'kukhazikika zaka zambirimbiri chifukwa cha malonda a golide ndi mchere. Amalonda ankayenda osaopa achifwamba, ndipo mfumu ina inapita ku Haji, ulendo wopatulika wa Asilamu, ikugawa golide njira yonse.

Atamva za Haji, Che Saidi anawongola msana. "Mashallah! Ndiye inuyo mwakhalira chuma cha mfumu," anatero akuloza thumba lija. Mayi wina amene anali ndi dengu la zitumbuwa anaseka, n'kutigulitsa ziwiriziwiri zozizira.

Cha m'ma 8 koloko, tisanafike pa Makokola, tinapeza mtengo utapingasa msewu. Anali anyamata achipani, akufuna kuona makadi a chipani. Yanga ndinali nayo, koma poitulutsa kope linagwa chotseguka. Wamkulu wawo analitola n'kuwerenga mokweza mutu umene ndinalemba m'Chichewa ndi zilembo zazikulu: "KUGWA KWA UFUMU NDI KUDZUKA KWA WINA."

Masiku amenewo anthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo.

"Ukugwa ndi ufumu uti?" anandifunsa.

"Wa Ghana, bwana. Wakalekale." Mawu anga anatuluka ngati a mwana.

"Nanga winawo ukudzuka kuti?"

Che Saidi anatsokomola.

"Mwanangu, mwawerenga kumutu kokha. Aphunzitsiwa andiuza nkhani yonse. Akukaphunzitsa ana kuti boma loyamba linali losathandiza, kenako kunabwera mtsogoleri wanzeru, njala inatha, akuba anathawa, bata ponseponse. Kodi inu nkhani imeneyi simukuidziwa?"

Mnyamata uja anaganiza kaye. "Ndikuidziwa bwino," anatero, n'kundibwezera kope. "Koma mutuwu musinthe. Mulembe za bata."

Anyamata aja atachotsa mtengo, tinadutsa Makokola. Patsogolo pang'ono mayi wa zitumbuwa anayamba kuseka, mpaka misozi.

"Che Saidi, mwandipulumutsa," ndinatero.

"Ine ndimasoka, aphunzitsi. Munthu akabweretsa nsalu yochepa, sumuuza kuti wanenepa. Komano ndiuzeni chapansi: Maliyo ilipobe?"

"Inadzagwanso. Unabwera ufumu wina."

"Zimenezo mukawauze ana akadzakula."

Ndinatsika pa Nkope 10 koloko, buluku litayera mchere kumbuyo. Woyendera sukulu anayamikira kuti ndinafotokoza bwino za mtendere wa ku Mali, kungoti kugwa kwa Ghana ndinakuthamangira kwambiri. Sindinatsutse. Kukoleji anandiphunzitsa mbiri zaka ziwiri, koma mbali yoyenera kuinena mokweza anandiphunzitsa telala, paulendo wosakwana maola anayi.