Mmene ndinaletsera bambo anga shuga

Ndinaphunzira za chipatala ku Zomba chaka chimodzi ndi miyezi inayi, kenaka ine ndi sukulu tinagwirizana zosiyana. Maganizowo anayambitsa ndi iwo. Ndinabwerera kwathu, kufupi ndi Chinakanaka, Chitaganya chitangoyamba kumene, nditanyamula sutikesi, makope awiri ndi jekete loyera lomwe ndinaiwala kubweza. Kumudzi palibe anandifunsa chomwe ndabwerera. Anangoona jekete, ndipo kuyambira tsikulo ndinali adokotala.

Bambo anga ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi chiwolokereni kuchoka kwa Apwitikizi. Mowa sankamwa, fodya sankasuta. Tchimo lawo linali limodzi: m'mawa uliwonse, tiyi wa m'kapu yachitsulo, shuga wosawerenga masupuni, akutakasa pang'onopang'ono ngati munthu wopanda kopita. Ankati masamba a tiyi amawaona tsiku lonse mpaka kutopa nawo, chomwe amamwa iwo ndi shugayo.

Chaka chomwecho mimba yawo inayamba kutupa chakumanja, nkulimba ngati mphero. Kuchipatala cha mishoni dokotala weniweni anawagwiragwira, ndipo ataona jekete langa anandiitanira pambali. Anati ndi khansa ya m'chiwindi, yapita patali, tiwatenge akapumule kunyumba.

Apa mpamene maphunziro anga anadzuka. Panali phunziro limodzi lomwe ndinkalikumbukira bwino, chifukwa tsikulo aphunzitsi anatchula mowa. Anati chotupa chimakula mothamanga kuposa mitsempha yobweretsa magazi, choncho pakati pake mpweya umachepa. Mnofu wamba ukanafa. Koma chotupa chimasintha kadyedwe. M'malo motentha shuga ndi mpweya monga lichitira thupi lonse, chimangomusasitsa, mmene mowa umasasira m'mbiya yovundikira. Kudya kotero sikukhutitsa, ndiye chimameza shuga wochuluka kuti chipeze mphamvu pang'ono. Zonsezi ndinalemba m'kope nkujambula mzere pansi. Patsamba lotsatira panali chithunzi cha njinga chomwe ndinajambula.

Ndinavala jekete nkuitanitsa makolo anga pakhonde.

"Ababa, m'mimbamo muli mlendo wokonda shuga kuposa inu. Tikam'mana, afa ndi njala."

Bambo anatembenukira kwa amayi. "Amayi ake, mwamva? Zaka zonsezi ndimati ndikumwa ndekha, pomwe ndimagulira wina."

"Munthu akudwala, nkumulandanso kakomwe amakonda?" anatero amayi.

"Ndi sayansi, amayi."

Mawuwo sankawadziwa, choncho anagonja.

Ndinaletsa shuga. Ndinaletsa nzimbe, nanazi ndi nthochi zakupsa. Tsiku lina ndinaletsanso mbatata, nditailawa nkupeza kuti ikutsekemera mokayikitsa. Ndinawasiyira phala, makaka a chinangwa ndi nyemba za kalongonda. Tiyi sanasiye. Ankamwa wowawayo atakwinya nkhope, ndipo munthu akamadutsa panjira ankakweza kapu nkufuula kuti, "Mankhwala a mwana wanga awa! Ochokera ku Zomba!"

Loweruka lililonse ndinkawayeza mimba ndi chingwe. Sabata ndi sabata chingwecho chinkafupika. Ndinafotokozera amayi kuti zingwe zimatero nyengo ya mvula.

Patapita miyezi iwiri ndinakumana ku Boma ndi mnzanga wina wa m'kalasi, mmodzi wa aja anapitiriza sukulu. Ndinamuuza za njira yanga ndikuyembekezera kuti mwina aitanitsa anthu a nyuzipepala. Iye anangondifunsa funso.

"Achimwene, phunziro la mawa lake munali kuti?"

"Ndinali ndi malungo."

"Munali kumpira. Ndinakuonani." Anatsamiritsa njinga yake pamtengo. "Thupi limasandutsa shuga chakudya chilichonse. Phala lanulo, makaka anuwo, zonse. Munthu akapanda kudya, thupi limaphwanya mnofu wake womwe nkupanga shuga, ndipo chotupa chimadya ndithu. Amene mukuwamana ndi bambo anu okha. Pitani mukawapatse chomwe mtima wawo ukufuna. Masiku awo si ambiri."

Kufikira pamenepa ndikhoza kudziikira kumbuyo. Ndinali mbuli, ndipo umbuli si mlandu waukulu kwathu, ambiri tinakalamba nawo bwinobwino. Mlandu wanga ndi masabata awiri otsatirawo. Ndinafika kunyumba osanena kanthu. M'mawa uliwonse ndinkakhala pomwepo, bambo akukwinya nkhope, ine ndikusakasaka njira yobwezera shuga m'kapumo popanda kuvula jekete.

Njirayo nditaipeza, ndinakagula shuga kusitolo ya Mmwenye ku Chinakanaka. Ndinawapeza atagona pamphasa pansi pa mtengo wa mango, manja atatsala mafupa okhaokha. Amayi anali atangowaikira tiyi.

"Ababa, tafika gawo lachiwiri la mankhwala. Tsopano shuga akuloledwa."

Anayang'ana pepala la shugalo. Ndinaona kholingo lawo likukwera nkutsika.

"Akutumani amayi anu."

"Ayi, ndi dongosolo lake."

"Mwataya mtima, adokotala? Mwaona kuti mdalayu akupita, ndiye mwati amweko kotsiriza?"

Panali yankho limodzi lomwe likanawamwetsa tiyi wotsekemera tsiku limenelo: kuti ndinalakwitsa kuyambira pachiyambi, kuti ndinamva theka la phunziro, kuti sindine dokotala. Mawu ake si ambiri. Ndawayeserapo kangapo chichokereni nthawiyo, satenga ndi mphindi yomwe. Amayi anaima pafupi, supuni ili m'manja. Ndinatsegula pakamwa, ndipo chomwe chinatuluka ndi ichi:

"Ayi, ababa. Ndimangokuyesani. Mwakhoza."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Amayi ake, mwaona? M'banja muno mayeso ndimakhoza ndine."

Mpaka lero sindidziwa ngati ankangocheza. Anatenga kapu ndi manja onse awiri nkumwa wowawayo mpaka pansi, akundiyang'ana.

Anamwalira patatha masiku anayi, Lachiwiri masana.

Shuga sanatayike. Pamaliro panabwera anthu ambiri a ku esiteti, ndipo m'mawa wa tsiku loika amayi anatulutsa pepala lija nkuyamba kuthirira anthu okha, kapu ndi kapu, osalola wina kuwathandiza. Aliyense ankamuthirira modzaza. Atafika pa ine anaima.

"Adokotala, inu mukuloledwa?"

Ndinayang'ana pansi, ndikuganiza kuti adutsa. Sanadutse. Anadikira pomwepo mpaka nditayankha, ndipo ndinayankha kuti inde.