Womasulira wa kukiliniki anakandiulula kutchalitchi

Ndikulemba izi ndili pa sofa ya eni ake ku Highfields, zovala zanga zili m'majumbo akuda otayira zinyalala. Sindinabe. Sindinamenye munthu. Ndinangopita kwa dokotala.

Ndine Mphatso, kwathu ndi ku Kasungu. Muno mu Leicester ndinkakhala ndi azakhali anga, a Nangozo, ku Beaumont Leys. Ndimakolopa m'maofesi. Chizungu changa ndi cha m'basi ndi cha mushopu, cha zamumtima sindichitha. Ndili ndi chibwenzi, dzina lake Tadala. Ndi mkazi ngati ine. Amene zakunyansani mukhoza kulekera pompa.

Kwa miyezi ndithu tulo sitinkabwera. Mtima unkangothamanga, chakudya osalowa. Kubisa kumadwalitsa, abale. Tili ndi kagulu kathu ka anthu a ku Africa okondana akazi okhaokha kapena amuna okhaokha, timakumana Loweruka masana. A Daliso a ku Chipata, amene amatitsogolera, ndiwo anandilimbitsa mtima.

"Mphatso, yenda ukaonane na dokota. Kuno sangakumange, ukambe zonse."

Ndinaimba foni kukiliniki kukabuka apointimenti. Ndinanena pang'onopang'ono kuti ndikufuna womasulira wa pafoni, wakutali, osati wa muno. Olankhula Chichewa tilipo angati mu Leicester? Si tonse timakumana pa maliro amodzi? Mtsikana wa pa risepishoni anati palibe vuto, walemba.

Analemba pati? Pamadzi?

Lachiwiri ndinafika 10 koloko, apointimenti inali 10:20. Pachitseko anamatapo kachikwangwani ka utawaleza, kuti aliyense ndi wolandiridwa. Ndinamwetulira ndekha ngati chitsiru. Nditangolowa, ndinaona mayi wina atakhala pampando, baji pachifuwa. Ndinawadziwa pompo. Ndi amayi otsogolera mapemphero a azimayi kutchalitchi kwa azakhali. Dzina lawo sinditchula. Ine sindili ngati iwo.

"Aaa, mwana wa a Nangozo! Ndiwe amene ndabwera kudzakumasulira? Wadwala chiyani, mwanangu?"

Ndinabwerera pa risepishoni n'kunong'ona kuti awa ayi, ndimadziwana nawo. Mtsikana uja sanachotse maso pakompyuta. Anati wa pafoni sanapezeke, ndipo ndikakana awa ndidikire milungu itatu. Ndinafunsa ngati ndingaimbire a Daliso andimasulire. Anati malamulo salola abale kapena anzako. Kenako anandiuza mokweza, anthu onse akumva, kuti ndisadandaule, omasulira onse amasaina kuti asunga chinsinsi.

Mnzanga amene ndamusankha ndekha ndi woletsedwa. Mnzawo wa azakhali ndiye wololedwa. Malamulo ake ndi amenewo?

Tinalowa 11:05. Ndinali nditatsimikiza kuti ndingonena za tulo basi. Koma adokotala anafunsa mofatsa kuti chikundisowetsa mtendere n'chiyani, ndipo misozi inangoyamba yokha. Ndinakumbukira za kusaina zija. Ndinakhulupirira. Ndinati ndimakondana ndi mkazi mnzanga, ndikuopa abale anga akadziwa.

Amayi aja sanamasulire. Ananditembenukira.

"Iwe, ukudziwa chimene ukunena? Zonyansa zimenezo sizingadutse pakamwa panga. Amayi ako anakulakwira chiyani?"

Kenako anamwetulira adokotala n'kuwauza m'Chizungu kuti mtsikanayu ali ndi nkhawa za kunyumba, akusowa mapemphero. Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Ndinakuwa ndekha m'Chizungu changa chothyoka kuti ayi, si zimenezo, ndili ndi chibwenzi chachikazi, awa akunama. Adokotala anayang'ana ine, anayang'ana amayi aja, anayang'ana wotchi. Sanawatulutse. Sanafunse chimene anandiuza chija. Anati nthawi yatha, ndibukenso, n'kundilembera mapilitsi ogonetsa.

Panja amayi aja anandigwira dzanja. "Tikupempherera, mwanangu."

Anandipemphereradi. Lamlungu lomwelo anaimirira pakati pa azimayi n'kupempha kuti apempherere mtsikana wina wa ku Beaumont Leys, wokhala ndi azakhali ake, amene wagwidwa ndi chiwanda chokonda akazi anzake. Dzina sanatchule, eti. Atsikana achimalawi okhala ndi azakhali awo ku Beaumont Leys tilipo angati? Azakhali anali pabenchi yachiwiri.

Nditabwera kuchokera kwa Tadala madzulo, majumbo anali kale pakhonde, mvula ikuwavumba. Azakhali anatsegula chitseko pang'ono, tcheni chili chikolekere.

"Ndinakutenga ngati mwana wanga. Wandivula pamaso pa mpingo. Kiyi wanga."

"Azakhali, mundimvere kaye."

"Amayi ako ndawaimbira kale. Kiyi."

Ndinapereka. Mwana wawo wamng'ono ankalira m'kati, akufunsa m'Chizungu kuti Mphatso akupita kuti. Kuyambira tsiku limenelo amayi sakuyankha foni yanga. Mchimwene wanga ananditumizira uthenga umodzi wokha, kuti ndikadzaponda ku Kasungu ndidzaona. Tadala amakhala m'kachipinda ka lendi kosaloleza alendo kugona, ndiye mlongo wina wa m'gulu mwathu anandipatsa sofa.

Lolemba ine ndi a Daliso tinapita kukiliniki kukakomplena. Amanijala anatiimika pakhonde, osatipatsa ndi mpando womwe. Anati apepesa kuti ndikumva choncho. Kuti ndikumva choncho! Ngati kugona pa sofa ndi maganizo anga chabe. Anati womasulirayo si wantchito wawo, ndi wa kampani ina, tikadandaule kumeneko. Tinaimba kukampaniko. Anati zinachitikira kukiliniki, tibwerere komweko. Titabwerera, amanijala anafunsa ngati ndili ndi umboni. A Daliso anawafunsa ngati akufuna tinyamule mpingo wonse tibwere nawo. Amanijala anati tisakweze mawu, pali odwala.

Nanga ine ndine ndani? Mlendo wodzaona malo?

Dzulo foni inalira. A kukiliniki akundiitana Lachinayi 2 koloko kuti amve dandaulo langa bwinobwino. Anati andikonzeranso womasulira. Ndinafunsa dzina. Ndi amayi omwe aja. Akuti pamndandanda wawo wa Chichewa alipo okhawo.

Ndiye ndikadandaule za munthu, iye yemweyo akundimasulira. Mukuseka? Inenso ndinaseka.

Inu a kukiliniki, ndiyankheni. Pempho langa la womasulira wa pafoni linathera kuti? Adokotala anu ataona wodwala akukuwa kuti womasulira akunama, anakhaliranji chete? Amayi amenewa amva zinsinsi za anthu angati, za mimba, za matenda, za nkhanza za m'banja, ndipo zingati zinasanduka mitu ya mapemphero? Kusaina kwanu kuja kumateteza ndani?

Abale anga a Chichewa ndi Chinyanja, kaya muli ngati ine kaya mumadana nafe, izi zikukukhudzani. Musanatsegule pakamwa, funsani dzina la womasulira. Mukamudziwa, kanani. Kudikira milungu itatu n'kopweteka, koma kuli bwino kusiyana ndi zimene ndaona ine.

Lachinayi ndipita. Koma sindipita ndekha. Gulu lathu lonse lamvana, ena apempha ofu kuntchito, ena akuchokera ku Nottingham ndi ku Derby. Ena mwa iwo sanayambe aonetsapo nkhope zawo pagulu, koma ati ulendo uno abwera. Tidzakhala pa risepishoni mwakachetechete mpaka wina atiyankhe. Amanijala, mipando yanu ija ndi yochepa. Onjezerani.