Nsengwa ya Penshoni

Kuchipatala kumene anagwira ntchito ya uzamba zaka makumi atatu, panalibe amene ankawaitana ndi dzina lawo lenileni. Onse ankangoti a Changu. Dzinalo linachokera pakamwa pawo pomwe, chifukwa mayi ameneyu sankadziwa kupempha chinthu popanda kuwonjezera kuti "chitani changu." Madzi, changu. Magolovesi, changu. Anzawo ankaseka kuti ngakhale ana obadwira m'manja mwawo amatuluka mothamanga poopa kukalipiridwa.

Koma amuna awo ndiye anali ena. Anali telala wofatsa, woti asanalowetse ulusi pasingano ankayamba apukuta magalasi, n'kuyang'ana kaye kumwamba. A Changu ankati ukawatuma tomato m'mawa, amabwera naye mbale zitatsukidwa kale. Anthu ankadabwa kuti banja lotere likuyenda bwanji, koma linayenda ndithu, ana anayi anakula n'kukakhala kwaokha.

Atapuma pantchito, a Changu anatha mwezi wathunthu akungozungulira m'nyumba, kusesa posesa kale, mpaka anagula ng'ombe ya mkaka n'kuipatsa dzina loti Penshoni. Kunena zoona, ng'ombe imeneyi ndi imene inawabwezera moyo. Inawapatsa chodzukira m'mawa, komanso wina womukalipira kupatula a telala. Ankaikonda kwambiri, ngakhale sakanavomera pamaso pa anthu.

Lachiwiri lina m'mawa Penshoni anabereka mwana wamkazi, wathanzi, wa banga loyera pamphumi. A Changu anapukuta kamwanako mphuno, n'kuyang'ana wotchi, monga ankachitira kuchipatala. Ankadikira nsengwa, chija chimatuluka pambuyo pa mwana. Kwa munthu, ikatha theka la ola isanatuluke, mzamba sakhalanso pansi, chifukwa mayi angathe kutaya magazi mpaka kufa. Theka la ola linatha. Ola linatha. Dzuwa linafika pamutu nsengwa ikungolendewera pansi pa mchira, pang'ono kunja, yambiri m'kati.

"Bambo!" anaitana ali m'khola. "Nsengwa sinatuluke! Bwerani, chitani changu!"

Makina osokera pakhonde analeka kulira. Panapita nthawi. A Changu anamva chitseko cha kukhitchini, kenako zii. Pomaliza a telala anatulukira atanyamula nsengwa yoikamo nyemba, akuigwedeza fumbi.

"Nayi, mayi, yatuluka. Inali kuseri kwa chitseko."

A Changu anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Zaka zonsezi ndakhala ndi munthu wotani ine? Ndikunena nsengwa ya ng'ombe. Tapitani mukatenge chingwe tiimange, ndilowetse mkono ndichotse ndekha."

Anakatenga beseni, sopo ndi magolovesi amene anasunga kuyambira tsiku lopuma ntchito. Ntchito imeneyi anali ataichita kambirimbiri, ndipo amayi ambiri akuyenda lero chifukwa cha mkono umenewo. Chimene chinasowa ndi chingwe. A telala anafuna m'chipinda chosungira katundu, anafuna kuseri kwa nyumba, anabwera kudzafunsa ngati chinali chobiriwira kapena choyera, kenako anatopa n'kukhala pampando wawo kuti akumbukire bwino. A Changu anali atatsala pang'ono kumasula chingwe choyanikira zovala pamene njinga yamoto inaima pageti.

Amene anatsika anali dokotala wa ziweto, mayi wamtali wovala jombo, amene a Changu anamulandira ndi manja awo tsiku limene anabadwa. Ataona magolovesi, anathamanga.

"Amayi, chonde, manja kumbuyo."

"Iwe, ndinakutulutsa ndine uli bii, osapuma. Lero undiphunzitse za nsengwa?"

"Za munthu sindingayerekeze, amayi. Koma iyi ndi ng'ombe." Anawatengera pambali n'kuwafotokozera mofatsa. Nsengwa ya munthu imamatira malo amodzi, n'chifukwa chake mzamba amatha kuisenda ndi dzanja. Ya ng'ombe imagwira chiberekero ndi timabatani pafupifupi zana, ndipo timamasuka tokha, kamodzikamodzi. Ukakoka, umang'amba m'kati, tizilombo timapeza polowera, ng'ombe n'kudwala, mwina osadzatenganso bere, mwinanso kufa kumene.

"Mabatani sakokedwa," anavomereza a telala ali pampando paja. "Nsalu ndi imene imapweteka."

"Inu khalani chete, simunapeze n'chingwe chomwe."

Dokotala anayeza kutentha kwa thupi la Penshoni, napeza kuti kuli bwino. Anadula mbali ya nsengwa imene inkafika kumiyendo kuti isamakwekwereze ndowe, n'kusiya yotsalayo. Anati m'khola muzikhala mouma, madzi asamasowe, aziyeza kutentha m'mawa ndi madzulo, ndipo kukapitirira madigiri 39 ndi theka, kapena ng'ombe ikasiya kudya, amuimbire foni nthawi yomweyo.

"Ndiye ine ndizichita chiyani?" anafunsa a Changu.

"Muzidikira, amayi. Mwina masiku atatu, mwina sabata, mwina kuposerapo."

Mankhwala owawa chotere a Changu anali asanamwepo. Lachitatu anasesa m'khola kanayi. Lachinayi fungo linayamba, fungo loti ngakhale ntchentche zinkaoneka kuti zikuganiza kawiri, ndipo manja awo ankayabwa. Ankati akaima kumbuyo kwa Penshoni, n'kuona chinthu chija chili lende, ankapinda manja kumsana n'kugwirana zala zokhazokha. A telala anasamutsa makina awo n'kuwaika pansi pa mtengo pafupi ndi khola, akuti pakhonde pakuchita mdima. Ankasoka pang'onopang'ono, ndipo a Changu akayandikira kwambiri mchira, ankawapempha kuti awagwirire nsalu.

Lachisanu madzulo Penshoni ananunkhiza msipu n'kutembenuka. Choyezera chinaonetsa 40. A Changu anachita mantha enieni, mantha amene sanawamvepo ngakhale m'chipinda choberekera, chifukwa kumeneko ankadziwa chochita. Anaimbira dokotala foni nthawi yomweyo. Dokotala anabwera dzuwa lisanalowe, anabaya jakisoni, n'kunena kuti mkaka wa masiku amenewo usamwedwe kapena kugulitsidwa mpaka mankhwala atatha m'thupi.

"Ndikanachotsa tsiku lomwe lija, si bwenzi zitafika apa," anadandaula a Changu.

"Mukanachotsa, amayi, bwenzi lero tikukamba zina," anayankha dokotala, akutseka chikwama.

Loweruka ng'ombe inadya pang'ono. Lamulungu inamaliza zonse n'kuyamba kulira kuti awonjezere, ndipo a Changu anaikalipira mosangalala kuti ilibe ulemu. Lachiwiri m'mawa, sabata yathunthu chiberekere, analowa m'khola ndi ndowa n'kupeza nsengwa ili pansi, yatuluka yokha popanda wina kuikhudza. Penshoni ankabzikula, kamwana kakuyamwa, ngati panalibe chimene chinachitika. A Changu anaika ndowa pansi, n'kukhala pa chidebe chogadabuza, misozi n'kumangotsika.

Anakumba dzenje lakuya kuseri kwa khola kuti agalu asafukule. A telala ndi amene anagwira khasu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'banja lawo sanauzidwe kuti achite changu. Pobwerera, a Changu ananyamula mpando wa amuna awo kuti aubwezere pakhonde. Khushoni inagwa, ndipo pansi pake panali chingwe chobiriwira, chokulungidwa bwinobwino.

Anachinyamula m'mwamba. "Bambo, ichi n'chiyani?"

A telala anavula magalasi n'kuyamba kupukuta. "Chikuoneka ngati chingwe."

"Munachikhalira dala."

"Za ng'ombe ine sindidziwa, mayi. Ndinangoona mmene munandiitanira. Zaka zonsezi mumakuwa, koma tsiku lija mawu anu anali ena. Ndinati munthu wamantha asagwire kaye chinthu, abwere wina aone."

"Ndiye dokotala uja munamuitana ndinu? Ine ndimayesa amangodutsa."

"Foni inali kukhitchini. Ndinkafuna chifukwa cholowera kumeneko."

A Changu anaima, chingwe chili m'manja. Anakumbukira nsengwa ya nyemba ija, mmene anaigwedezera fumbi, ndi mawu amene iwo anawalankhula pambuyo pake. Manyazi anawagwira, koma kuseka kunawaposa mphamvu.

"Kodi munamva bwinobwino kuti ndikunena nsengwa iti?"

"Mayi," anatero a telala, akubwezera magalasi pamphuno, "ndakhala mwamuna wa mzamba zaka zoposa makumi atatu. Nkhani za nsengwa ndadyera nazo chakudya chamadzulo kuyambira tili achinyamata."

Madzulo a tsiku limenelo a Changu anawapangira tiyi, n'kukhala nawo pakhonde. A telala anatenga singano, anapukuta magalasi, anayang'ana kumwamba, n'kuyamba kulondolera ulusi pabowo. Unaphonya kawiri. Pakamwa pa a Changu panatseguka, mawu aja atafika kale palilime. Anawameza, n'kusendeza kapu pafupi ndi amuna awo.

"Musafulumire, bambo," anatero. "Tiyiyu akadali wotentha."