Manja a Mlamu Wanga

Anagogoda Lolemba m'mawa, mu Okutobala, dzuwa la ku Feira litayamba kale kuwotcha malata. Apolisi awiri. Mlandu wanga: gulu lathu la anthu olumala linachita sewero pamsika dzulo lake popanda pemiti. Sewerolo linali la masitepe a maofesi, amene ife oyendera ndodo timawakwera chokwawa.

Mlamu wanga, msodzi wosamva amene amatiimbira ng'oma, anali pakhonde akusoka ukonde. Poona akundikoka, anagwira wapolisi paphewa. Osamva amaitana munthu choncho, kulibe njira ina.

"Wanimenya! Wamenya wa boma!"

Anam'manga unyolo, manja kumbuyo.

Ku selo anatilanda malamba, nsapato ndi ndodo zanga. "Izi ni zida, mudala," anatero wapakhomo. Ndinakhala pansi pafupi ndi chidebe. Za chidebecho sindinena zambiri.

Mlamu ndiye anandimvetsa chisoni. Munthu uja ndi wolongolola, abale, manja ake sapuma ngakhale akupalasa bwato. Tsopano anangokhala duu, akundiyang'ana. Lachiwiri ndinamva kuti mlandu womenya wapolisi umupititsa kundende ya ku Lusaka. Ndinamuuza ndi manja anga. Analibe choyankhira.

Lachitatu anatiitana kwa bwana wamkulu. Ndodo anakana kundipatsa, ndiye anasamutsira unyolo wa mlamu kutsogolo kuti andibereke. Ndinam'kolekera manja m'khosi ngati mwana, ine bambo wa imvi.

"Bwana, m'masuleni ayankhe yekha," ndinapempha.

"Unyolo uli kumanja, osati pakamwa."

"Pakamwa pake ndi pomwepo, bwana."

Sanandimvere. Anafunsa mlamu dzina, mlamu maso ali pazenera, kumene kumaoneka mtsinje. Anakuwa. Anamenya tebulo. Kenaka ananyamuka, nazungulira tebulo, namugwira paphewa. Mlamu anacheuka.

Koma pakamwa panga sipamva malamulo.

"Bwana, mwam'menya."

Bwana anayang'ana dzanja lake nthawi yaitali, kenaka anaitanitsa kiyi.

Unyolo utachoka, zala za mlamu zinali zotupa, zosapindika bwino. Anazipukusa, nazikweza pang'onopang'ono. Ndinayembekeza kuti adandaula, kapena apepesa.

"Akuti chani?" anafunsa bwana.

"Akuti ndanenepa, bwana. Akuti mlongo wake achepetse kundidyetsa, msana wamuthyokera."

Ndinaseka mpaka misozi, ndipo sinali ya kuseka kokha. Munthu ameneyu ndimam'konda.

Anatitulutsa madzulo ake, atatichenjeza za pemiti. Masitepe aja alipobe, ndipo seweroli tikulichitabe. Anthu akandifunsa za ufulu amayembekeza kuti nditchula chitseko cha selo. Ine ndimakumbuka msewu wobwerera kunyumba. Mlamu ankayenda chambuyo patsogolo panga kuti ndione manja ake, akundisimbira zonse zimene anasunga chimangidwire. Ine manja anali pandodo, sindikanatha kumudula mawu. Ndinangomusiya alankhule.