Jekete la Kalonga Lomwe Linatsala kwa Mayi Profira

Mayi Profira Manolache ndinakhala nawo benchi imodzi zaka khumi ndi zinayi, pa fakitale ya boma yosoka zovala ku Bucharest. Ine ndinkasoka mabowo a mabatani, iwo ankasoka mabaji ndi mamendulo pa mayunifolomu. Sanali munthu wolankhulalankhula. Zomwe ndikudziwa za moyo wawo ndinazitola pang'onopang'ono pa nthawi ya nkhomaliro, ndipo zina ndinaziona ndekha.

Anabadwa mu 1909 m'mudzi wina wa kumapiri pafupi ndi Buzău. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu anabwera mumzinda kudzagwira ntchito ya m'nyumba kwa Bambo Sterie, omwe anali ndi sitolo ya zovala za asilikali. Tsiku lina mkazi wa a Sterie anaona chigamba chomwe mtsikanayo anaika pa nsalu ya patebulo, nayesa kupeza pomwe panang'ambika, osapapeza. Mawa lake anamuchotsa kukhitchini n'kumuika m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo.

Ntchito ya m'kachipindamo inali iyi. Mendulo iliyonse ili ndi kansalu kake ka mitundu yakeyake. Kansaluko umakapinda, kukasita, n'kukasokera pa kachitsulo kopyapyala, mamendulo onse pamzere umodzi. Mzerewo uli ndi malamulo ake: a dziko lino amatsogola, a nkhondo asanafike a nthawi ya mtendere, opatsidwa ndi mafumu akunja n'kutsalira kumapeto. Nyenyezi zikuluzikulu zimakhala pazokha m'munsi, chakumanzere, zokolekedwa pa tizingwe ta ulusi. A Profira ankawerenga movutikira, koma malamulo amenewa anali nawo onse m'mutu, ndipo akuluakulu a asilikali ankawafunsa iwo akasokonezeka.

Kasitomala wamkulu wa sitoloyo anali kalonga wina wachikulire, wachibale wa banja lachifumu. Onse ankangomutcha Kalonga. Anali mkulu waulemu chabe wa gulu la asilikali apakavalo, ndipo pa jekete lake lovala pa zikondwerero pankakhala mamendulo khumi ndi asanu ndi anayi, ndiponso nyenyezi zinayi. A Profira anamuona kamodzi kokha, ali patali, pa perete wa mu May. Amene ankabwera ndi jeketelo kusitolo anali wantchito wake womuveka, Bambo Iorgu, munthu wowonda wa ndevu zopesa bwino, wokonda nthabwala.

"Mayi Profira, wanenepanso," ankatero a Iorgu akulowa.

"Ndani?"

"Ndani winanso? Ine ndinganenepe ndi chiyani? Sunthani mabataniwa. Dzulo limodzi linathothoka n'kugwera mu supu ya kazembe."

"Mukamuuze achepetseko masoseji."

"Mukamuuze nokha, mayi. Ine ntchito yanga ndikuifunabe."

Mu 1934 a Profira anakwatiwa ndi a Pandele, woyendetsa tiramu, sitima zoyenda m'misewu ya mumzinda zija. Mwana sanakhale naye. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba a Pandele anatengedwa kupita kum'mawa, ndipo anabwerako patatha zaka ziwiri, zala zitatu za kumanzere kulibe, m'thumba muli kamendulo kamkuwa. A Profira anakasokera kansalu katsopano monga ankachitira ndi a Kalonga. Mwiniwake anakavala tsiku limodzi, kenako n'kukaponya m'kabati ya masupuni, nabwerera ku tiramu yake.

A Sterie anamwalira nkhondo itangotha ndipo sitolo inatsekedwa. Makasitomala ochepa omwe anatsala ankawapeza a Profira kunyumba kwawo, zipinda ziwiri m'bwalo lina la ku Dudești, dera la mumzinda momwemo. Pakati pa mwezi wa December 1947, a Iorgu anafika ndi jekete la Kalonga m'thumba la nsalu. Linali lobiriwira ngati thambo la madzulo, la zingwe zagolide m'mapewa ndi m'mikono. Tinsalu ta mamendulo tinali titasuluka, ndipo Kalonga ankafuna zonse zikhale zatsopano pa mwambo wa chaka chatsopano ku nyumba yachifumu.

"Ndidzalitenga pa 31, m'mawa," anatero a Iorgu. "Musandichititse manyazi."

"Ndinakuchititsanipo liti?"

Anamaliza pa 29. Pa 30 madzulo a Pandele anabwera kuchokera kuntchito, chipale chofewa chili pachipewa, n'kupeza jekete likulendewera pa chitseko, mamendulo onse akunyezimira.

"Akazi anga, simunamve?"

"Chiyani?"

"Mfumu yatula pansi udindo. Anena pa wailesi. Dziko lino lilibenso mfumu."

A Profira anayang'ana jeketelo kanthawi. "Abwera mawa a Iorgu," anatero, n'kuliphimba ndi nsalu kuti lisachite fumbi.

A Iorgu sanabwere. Mu January kunamveka kuti Kalonga anatuluka m'dziko pa sitima ndi masutikesi ochepa, wantchito wake n'kumusiya. Chakumapeto kwa March kunamvekanso kuti a Iorgu agwidwa. Masiku amenewo munthu ankatha kutengedwa chifukwa cha chithunzi chabe cha mfumu chopezeka m'nyumba, ndipo a Pandele anayamba kusowa tulo.

"Chinthu ichi chitiphetsa. Ndikachiponye mu mtsinje wa Dâmbovița, ndimangirire mwala."

"Si chathu."

"Ndiye n'cha ndani? Mwiniwake akudya makeke kunja uko. Akabwera apolisi aja mudzawauza kuti si chathu? Adzakuomberani m'manja?"

"Munthu anandisiyira m'manja, a Pandele. Akabwera ndidzati chiyani?"

Anakangana sabata yathunthu, mpaka aliyense anagonjako pang'ono. Zingwe zagolide a Profira anazisomola n'kulola amuna awo kuziponya m'mbaula. Mamendulo ndi nyenyezi anazikulunga imodziimodzi m'tizigamba, n'kuzisokerera mkati mwa chofunda chokhuthala cha ubweya wa nkhosa chomwe anabwera nacho kuchokera kumudzi. Jekete analinyika mu utoto wakuda. Popeza Kalonga anali wonenepa ndipo a Pandele anali ngati bango, anadulako nsalu yokwana kupangira chipewa. A Pandele analivala nyengo yozizira zaka zisanu ndi zitatu akuyendetsa tiramu.

Anzawo kuntchito ankaligwiragwira. "Iwe Pandele, nsalu iyi si ya woyendetsa tiramu. Unavula mtembo wa bishopu?"

"Mkazi wanga ndi telala, opusa inu. Anu amangodziwa kukazinga anyezi."

Mu 1949 boma linasonkhanitsa atelala onse odziimira paokha m'mafakitale. Akuluakulu atsopano a asilikali nawonso anali atayamba kulandira mamendulo, a nyenyezi zofiira, ndipo palibe yemwe ankadziwa kuwasoka kuti asapendeke. Woyang'anira fakitale, Komuredi Bălan, anaitanitsa a Profira ku ofesi.

"Zalembedwa apa kuti munkagwirira ntchito adani a anthu wamba."

"Ndinkagwirira ntchito a Sterie, Komuredi. Anamwalira."

"Koma munkaveka akalonga."

"Ndinkasoka zomwe andipatsa. Inunso mukandipatsa ndisoka."

A Bălan anawaponyera mamendulo asanu a mkulu wina wa asilikali. Pofika masana anali atasokedwa, mzere uli woongoka ngati wojambula ndi lula, ndipo nkhani ya akalonga sinatchulidwenso. Ine ndinafika pa fakitalepo mu 1952 n'kupatsidwa malo pambali pawo.

Tsiku lina mu October 1955 tikuweruka, tinapeza bambo wina ataima pa geti, wometa mpala, wopanda mano akutsogolo, atavala chikhoti chachikulu kuposa thupi lake. A Profira anamudutsa. Bamboyo anati, "Mayi Profira, ndachedwa pang'ono. Tinagwirizana pa 31."

A Profira anaima, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"M'mawa," anatero. "Munati m'mawa."

Anali a Iorgu. Anakhala zaka zisanu ndi ziwiri akukumba ngalande kundende. Analibe nyumba, ndipo mchemwali wawo yekhayo anali atamwalira. A Profira anawatenga kupita nawo kwawo.

Lamlungu lotsatira ndinapita ku Dudești ndi mazira ndi tchizi zomwe mayi anga ananditumizira. Ndimo ndinadziwira za chofunda chija, chifukwa mpaka tsikulo anali asanandiuzepo. Titadya, a Pandele anatseka makatani, dzuwa lili phwee kunja. A Profira anabweretsa chofundacho, n'kusomola mbali imodzi ndi kalumo, n'kuyamba kutulutsa tizigamba. Anayala mamendulo patebulo, pakati pa mbale ndi botolo la kachasu wa mapulamu. Onse analipo, khumi ndi asanu ndi anayi, ndi nyenyezi zinayi.

A Iorgu sanawagwire msanga. Analoza imodzi yoyera ya mtanda. "Iyi inkamubaya pa nthiti akakhala pansi. Ankatukwana m'zilankhulo zitatu. Iyo yofiirayo anapatsidwa chifukwa choperekeza mfumu ina yakunja kokasaka nguluwe. Nguluwe sanaione n'komwe."

"Nanga ya kulimba mtimayi?" anafunsa a Pandele.

"Imeneyo ndi yoona. Nkhondo yoyamba ija, akadali mnyamata. Sankafuna kuikamba."

Kenako maso awo anagwera pa jekete lakuda lomwe linali pa msomali. Anaimirira, n'kukatsina nsalu yake ndi zala ziwiri, n'kutembenuza kolala.

"A Pandele, ili ndi la ndani?"

"Langa."

"Mbava iwe! Zaka makumi awiri ndakhala ndikulipukuta ndi burashi, ndikuopa ngakhale kulipumira. Iwe ukukhetserapo supu!"

"Likufunda, achimwene. Kalonga wanu ankadziwa nsalu."

A Iorgu anaseka mpaka kutsokomola. Atakhala pansi anatiuza zomwe anamva kwa mnzawo wina wakundende: Kalonga anamwalira mu 1951 m'kahotela kena ku Switzerland. Anasiya mwana wamkazi mmodzi, yemwe ankaphunzitsa Chifalansa kumeneko.

"Ndiye tengani katundu wanu," anatero a Profira. "Ndatopa kufunda zitsulo."

"Ndikaika kuti, mayi? Ine ndemwe ndilibe poika mutu."

Mamendulo anabwerera m'chofunda, ndipo a Iorgu anagona m'khitchini ya a Manolache nyengo yonse yozizira. Ankasenda mbatata, kukaima pa mzere wa buledi, ndi kupukuta nsapato za a Pandele m'mawa uliwonse ngakhale mwiniwake ankakana. Chakumayambiriro kwa 1956 anapeza mayi wina wokalamba, mphunzitsi wa piyano, yemwe analoledwa kutuluka m'dziko kupita kwa mwana wake ku Geneva, ku Switzerland komweko. Mayiyo anavomera kunyamula mamendulowo kukapereka kwa mwana wa Kalonga. A Profira anatenga makhoti ake awiri, n'kusokerera mamendulo mkati, m'mapewa ndi m'mipendero, iliyonse payokha pakati pa thonje kuti asagundane. Nyenyezi ziwiri zazikulu kwambiri zinakana kubisika. Zimenezo a Pandele anakaziponya mumtsinje, ndipo a Profira sanatsutse.

Mayi wa piyano uja ananyamuka mu April. Kalata sinabwere, kaya yochokera kwa iye kaya kwa mwana wa Kalonga. Mwina anawalanda pamalire, mwina anafika nawo koma anaopa kulemba, mwina anawasunga yekha. Ndinawafunsapo a Profira ngati zimenezi zinkawapweteka.

"Ine ndinapereka kwa amene anandipatsa," anatero. "Tapatseni ulusi wofiirawo."

A Iorgu anapeza ntchito yolondera paki ina, ndi kachipinda kuseri kwa nyumba yosungiramo mafosholo. Ankabwerabe ku Dudești Lamlungu lililonse kudzasewera makhadi ndi a Pandele, ndipo ankanamizirana kubera mpaka a Profira atawalanda makhadiwo. A Iorgu anamwalira ndi chifuwa mu 1960. A Pandele anawatsatira patatha zaka zitatu, mtima utaima ali pa depoti, tiramu isananyamuke.

A Profira anagwirabe ntchito mpaka 1966. Maso anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo miyezi yomaliza ndinkawalowetsera ulusi pa singano osauza aliyense. Tsiku lopuma ntchito a Bălan anawerenga kalata yowathokoza n'kuwapatsa wotchi ya patebulo. Anasiya zipinda za ku Dudești n'kubwerera kumudzi, kukakhala ndi mwana wa mlongo wawo.

Ndinakawaona kamodzi, mu 1971, nthawi yothyola mapulamu. Ndinawapeza pakhonde akusankha nyemba ndi zala, popeza maso anali atatheratu. Anandizindikira ndi mawu. Anandifunsa yemwe anatenga malo awo pa benchi, ngati mbaula ya m'chipinda chathu inkatulutsabe utsi, ndi ngati mwana wanga wamkazi anakwatiwa ndi mnyamata wamagetsi uja. Ndinawayankha zonse. Pobwerera anandinyamulitsa dengu la mapulamu, lomwe ndinavutika nalo m'sitima chifukwa munali modzaza.

Anamwalira mu February 1974. Kalata ya mwana wa mlongo wawo inandipeza patatha masabata awiri maliro ataikidwa, chifukwa misewu ya kumapiri inali itatsekeka ndi chipale chofewa.