Nthutumba pa mbale ya a Deolinda

Aliyense wodutsa pa Thambani nyengo ya manachesi amawadziwa a Deolinda, mayi wamfupi uja salola munthu kufinya chipatso asanagule. Anabwera kuno kuchokera ku Zobue nkhondo ya ku Mozambique itafika povuta, mwana kumbuyo, kamtolo pamutu. M'kamtolomo munalibe ufa, munalibe bulangete. Munali mbale.

Mbaleyo si yadothi, si yachitsulo. Ndi ya zigoba za nkhono za m'nyanja yamchere, zolumikiza mwaluso, zogwirira zake zasiliva. Mukaipendeketsa padzuwa imasintha mtundu ngati khosi la nkhunda. Amayi awo ankaphika kwa Mpwitikizi wina ku Tete, ndipo mzunguyo pobwerera kwawo anawasiyira. A Deolinda ali kamtsikana ankaisuzumira pazenera ili pakati pa tebulo lalitali loyala nsalu yoyera, koma chimene ankaikapo sanachionepo, poti alendo akamafika ana ankathamangitsidwa. Amayiwo anamwalira asanafunsidwe.

Ndiye mbale inangokhala m'sutikesi zaka zonsezi. Ena ankati ndi ya nsomba, ena ya madzi odalitsa a kutchalitchi. Neba wina ananena kuti ndi yoikapo sopo, ndipo a Deolinda sanamuyankhulitse mwezi wathunthu.

Chaka chatha mdzukulu wawo Liness, amene anamulera okha, anapeza mwamuna, mphunzitsi wa kwa Kanduku dzina lake Aubrey. Koma kunamveka kuti abale ena a mnyamatayo akunyinyirika, ati mwana wa othawa nkhondo alibe kwawo. Malume ake a Aubrey, a Timoti, anatumiza mawu kuti abwera Lamlungu kudzaona banjalo asanavomere unkhoswe. A Deolinda anangoti tiona amene alibe kwawo, n'kutsegula sutikesi.

Vuto linali choikapo. Nsima sikanakwana. Msuzi ukanatayika, poti mbaleyo ndi yosaya. Anayesa manachesi atatu, zinaoneka ngati pamsika. Pomaliza anaganiza za nthutumba. Mlendo ukamuphera nkhuku nthutumba ndi yake. Akaidya walandira ulemu wako, akaisiya ndiye kuti pali nkhani.

Tsikulo a Timoti, amene anabwera ndi Aubrey, anapemphera, anasamba m'manja, anatambasula dzanja, kenako anaima. Anaiyang'ana mbale ija nthawi yaitali n'kufunsa kuti inapangidwa ndi chiyani. A Deolinda, atagwada pakhomo, anayankha mokweza kuti ndi nkhono zenizeni za m'nyanja yamchere, osati zapulasitiki za masiku anozi. Bamboyo anabweza dzanja. Anadya nyemba ndi mpiru, nkhuku osaikhudza, n'kusendeza mpando wawo pang'ono.

Kukhitchini a Deolinda mutu unaima. Kodi nthutumba yachepa? Kapena akuganiza kuti athiramo mankhwala? Kapena kuti mbaleyo ndi yobedwa? Liness anali atatsamira khoma, misozi ili mbwee, akuti basi amukana. Apa Aubrey anazembera kuseri kwa nyumba kudzafotokoza. Anati kumpingo kwawo zamoyo za m'madzi zopanda mamba sadya, ndipo malume akewo, pokhala mkulu wa mpingo, amati chakudya chikakhudza chigoba chotere chadetsedwa, pamodzi ndi nkhuku imene chachokerako.

"Nanga akufuna adye mbaleyo kapena nthutumba?" anafunsa a Deolinda.

"Ine sindikudziwanso, agogo. Ineyo ndikanadya."

"Nkhono zimenezi zinafa ine ndisanabadwe, bambo. Zidetsa bwanji munthu lero?"

A Deolinda anayang'ana Liness kuti mwina iye wamva, nayenso anali kukamwa yasa. Mbale imene azungu ankaikira mabwana anzawo, imene anawoloka nayo malire atasiya mbuzi zisanu m'khola, lero yasanduka nyansi? Sizinawalowe m'mutu, ndipo mpaka pano sizinawalowe. Koma anamva a Timoti akuitanitsa madzi osamba m'manja, ndipo anadziwa kuti bamboyo akakwera njinga nthutumba asanadye, kwa Kanduku kukamveka kuti wakana.

Analowa m'nyumba osagwadanso, ananyamula mbale ija n'kuibisa m'chitenje ngati chinthu chochititsa manyazi.

"Musanyamuke, bambo. Ijayi inali ya ana. Yanu ikubwera."

Nkhuku yotsala inali imodzi, thadzi loikira mazira. Analithamangitsa okha, mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi mphambu, mpaka kuligwirira pansi pa nkhokwe. Liness anasosola nthenga akusisima. A Timoti anadikira ola lathunthu ndi theka, akukambirana ndi Aubrey za mvula, aliyense akuyang'ana pansi.

Nthutumba yachiwiri inabwera pa mbale yachitsulo yosupuka m'mphepete, ija a Deolinda amavundikirira mphika. A Timoti anaitembenuza kaye mbaleyo kuona kunsi kwake, anaigogoda ndi chala, ndiye anadya nthutumba yonse osasiya kanthu. Atapukuta m'manja anafunsa kuti mbali ya kuchikazi nkhoswe ndani, poti iwo abweranso pakatha masabata awiri ndi mlongo wawo kudzapangana tsiku la chinkhoswe.

Nthutumba yoyamba ija a Deolinda anaidyera kukhitchini ali chiimire, itazizira kale, akufunsa Liness ngati kumpingoko mabatani a malaya nawonso amawagogoda, poti ena amapangidwa ndi zigoba za nkhono.